Mawondo a Misozi

Moni nonse, makolo ndi achinyamata anzanga. Dzina langa ndine Tiyamike Phiri, ngakhale ambiri mumangondidziwa ngati mtsikana uja wokhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Mundikhululukire, ndiziwerenga papepala. Pakamwa panga mpolemera, koma kulemba ndinazolowera, chifukwa kuyambira ndili wamng'ono ndimalemba m'kabuku zimene zandichitikira tsiku lililonse. Abusa atanena kuti ena mwa inu mwalembetsa kukathandiza ana a kupulayimale kuwerenga teremu ikubwerayi, ndinapempha ndekha kuti ndiyankhule. Sindinabwere kudzakuphunzitsani. Ndabwera kudzanena zimene ndinachitira mwana wa eni ake.

Ndinabadwira ku Harare. Agogo anga aamuna anachoka ku Ntcheu kukagwira ntchito m'mafamu a fodya a kumeneko, ndipo Chichewa sichinachoke m'nyumba mwathu. Kuno ku Edmonton tinafika ndili ndi zaka khumi. Kunyumba ndine Tiyamike, ndimagwada popereka madzi kwa bambo ndi amayi. Kusukulu ndinali Tia. Tia sankadziwa chilankhulo china kupatula Chingerezi, ndipo akafunsidwa za kwawo ankaseka n'kusintha nkhani. Ndinali ndi anzanga awiri okha, Kelly ndi Shanice, ndipo ndinkaopa kuwataya kuposa china chilichonse.

Sukulu yathu inkalola ife a makalasi apamwamba kutuluka msanga Lachitatu kupita kupulayimale ina yapafupi, aliyense kukakhala ndi mwana mmodzi n'kumawerenga naye. Kelly ndi Shanice analembetsa chifukwa chofuna kuweruka msanga. Ine ndinalembetsa chifukwa iwo analembetsa.

Mphunzitsi wa anawo, Mayi Porter, anandibweretsera kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, kovala juzi yoposa msinkhu wake. Anati dzina lake ndi Misozi, wangofika kumene kuchokera ku Zambia, ndipo Chingerezi akumva pang'ono. Atanena kuti ine ndine Tia Phiri, mwanayo anadzutsa mutu. Mayi Porter atangochoka anandinong'oneza.

"Ndimwe a Phiri? Naine amama ni a Phiri."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Anzanga anali kutali, kumapeto kwa laibulale.

"Ndine Naphiri," ndinanong'oneza. "Ndiye kuti ndine mayi ako aang'ono."

Anaseka mpaka kubisa nkhope m'juzi. Masabata oyambawo anali abwino. Tinkakhala pakona pafupi ndi chotenthetsera m'chipinda, iye akuloza zilembo ndi chala. Akawerenga liwu la Chingerezi ndinkamuuza tanthauzo lake m'chathu, chapansipansi. Ankandisungira theka la bisiketi yake m'thumba, itafewa kale. Ankandiitana kuti basisi, monga amaitanira achemwali kwawo. Ankandiuza za agogo ake a ku Chipata, ndi za amayi ake amene ankasamalira nkhalamba kunyumba ya okalamba, ndiponso kuti chipale chofewa anachilawa n'kupeza kuti sichikoma kanthu.

Tsiku lina pakona pathu panali anthu, choncho tinakhala tebulo limodzi ndi Kelly ndi Shanice. Ndinatuma Misozi kukatenga buku pashelefu. Anabwera nalo, n'kuchita zimene mwana aliyense woleredwa bwino kwathu amachita. Anagwada pansi, maso pansi, n'kundipatsa bukulo ndi manja awiri. Ankatero masiku onse. Kungoti masiku onsewo panalibe wotiona.

Kelly anayamba kuseka mpaka kugwira pamimba.

"Tia, wagula kapolo liti? Bwanji osatiuza?"

"Mfumukazi Tia," anatero Shanice, akuwerama monyogodola. "Tikupukuteni nsapato, mfumukazi?"

Misozi anandiyang'ana, n'kufunsa m'chathu, mokweza, "Basisi, aseka chani?"

Ndinamuyankha m'Chingerezi, mwaukali umene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Ndinati aimirire. Ndinati sindikumva zimene akunenazo. Pambuyo pake, pomuveka jekete, ndinamunong'oneza m'chathu kuti asadzandiyankhulenso chilankhulo chimenecho pasukulu, chifukwa ndi chochititsa manyazi. Sanalire. Anangoti, "Pepani, basisi."

Kuchokera pamenepo ndinatsetsereka mofulumira. Sindinkafunanso kuona nkhope ya mwanayo, ndiye Kelly atanena kuti Lachitatu lotsatira tingopita kupaki, ndinavomera msanga. Iye ankaimba foni kuofesi ya kupulayimale, atasintha mawu, kunena kuti tili ndi mayeso. Mchimwene wake ankatigulira mowa wotchipa uja wa saida, wa m'mabotolo akuluakulu. Tsiku loyamba ndinangolawa. Lachiwiri ndinapeza kuti ndikamwa manyazi amachoka, ndimayankhula, anthu amaseka nthabwala zanga. Posakhalitsa Lachitatu lokha silinakwane. Ndinkathira saida m'botolo la madzi n'kumamwa kuchimbudzi cha kusukulu. Ndinkatafuna chingamu ndisanalowe m'nyumba. Amayi amagwira mashifiti pachipatala chachikulu cha kuno, bambo amayendetsa basi, ndiye kunama kunali kosavuta. Mayeso oyeserera ndinalephera pafupifupi onse. Tsiku lina ndinasanza m'basi yosanjikizana, m'chipinda cham'mwamba, dzuwa likuswa mtengo, nditavala yunifolomu. Mayi wina wachikulire anandipatsa tishu n'kundifunsa ngati amayi anga akudziwa kumene ndili. Ndinamutukwana. M'kabuku kanga masamba a miyezi imeneyo ndi oyera. Ndinalibe choti ndilembe chimene ndikanatha kuchiwerenganso.

Koma mowa si chinthu choipitsitsa chimene ndinachita.

Nthawi zina tinkapitabe kupulayimale kuti asatitulukire. Misozi ankakhala pambali panga osatulutsa liwu, m'Chingerezi ngakhale m'chathu. Bisiketi sankabweretsanso. Tsiku lina Mayi Porter anandiimitsa pakhonde, Kelly ali pambali panga. Anaoneka odandaula. Anati Misozi amagwada nthawi zonse akamapereka ntchito yake, sawayang'ana m'maso, ndipo tsopano wasiyiratu kuyankhula. Anati mawondo ake ali ndi zipsera.

"Tia, iwe ndi wa kumbali komweko," anatero. "Kodi kugwadaku ndi mwambo wa kwanu? Ndikufuna ndimvetse ndisanalakwitse."

Ndinamva Kelly akuphimba chiseko ndi mpango. M'mawa wa tsiku lomwelo ndinali nditagwada popatsa bambo tiyi.

"Ayi," ndinatero. "Sindinazionepo. Kwathu sitichita zimenezo."

Mayi Porter anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kundithokoza. Ine ndinapita kupaki.

Patapita masabata angapo, Lachitatu lina la mphepo yozizira, ndinasiyana ndi anzanga kupaki mutu ukuzungulira, n'kupita kukadikira basi. Siteji yake ili pafupi ndi pulayimale ija. Ana anali ataweruka kale. Pabenchi panakhala mayi wina wovala chikhoti chakuda, chikwama cha kuntchito chili pamiyendo. Kutsogolo kwake kunaima kamtsikana. Ndinazindikira juzi ija ndisanaone nkhope. Ndinafuna kubwerera, koma ndinamva mawu a mayiyo, ndipo ndinaima kuti ndimvetsere.

"Tiyesenso. Nipatse."

Misozi anali ndi botolo la madzi m'manja. Anayamba kupinda mawondo.

"Iyayi. Imilira. Dzanja limodzi."

Mwanayo anawongoka, n'kutambasula dzanja limodzi, linalo likunyamuka pambali ngati likufuna kuthandiza linzake.

"Manje niyang'ane m'maso."

Misozi anakweza maso pang'ono n'kuwagwetsanso.

"Niyang'ane, mwana wanga. Ndine mayi wako, nakuloleza. Niyang'ane monga ana a kuno."

Misozi anawayang'ana. Mayiyo analandira botolo, n'kupukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja. Ndinaima pamenepo ndikuonerera mayi akumasula ndi manja ake zimene anamanga mwa mwana wake kuyambira ali kumsana.

Kenako Misozi anandiona. Mawondo ake anayamba kupindika, n'kuuma. Amake anatembenuka.

"Ndiwe Naphiri uja?" anafunsa. "Anali kukukamba masiku onse. Basisi ati chakuti, basisi ati chakuti. Bwera, khala apa."

Ndinakhala kumapeto kwa benchi, nditatembenuzira pakamwa kumbali.

"Muli bwanji, amayi?"

"Nilipo, mwana wanga, koma sinili bwino."

Anandifotokozera mosabisa, ngati ndine wamkulu mnzawo. Sukulu inali itadziwitsa a ku khonsolo oona za ana. Kunyumba kwawo kunabwera mayi wina wa ku khonsoloko, anatsegula firiji, anayang'ana pogona mwana, anafunsa ngati amamumenya kapena kumulanga pomugwaditsa. Kuntchito anawaimitsa kaye, poti munthu amene akufufuzidwa za mwana sangasamalire nkhalamba. Lachisanu kunali msonkhano kusukulu, ndipo anamva kuti mwina mwanayo akakhala kaye kwa anthu ena mpaka kufufuza kutatha.

"Zipsera zija ni za pabwalo la sukulu," anatero. "Agwada pa tala akamapatsa aphunzitsi chinthu. Ninawauza kuti ni ulemu wa kwathu. Beve akuti anafunsa mtsikana wa kwathu komweko, anakamba kuti kwathu kulibe zotero." Anapumira m'mwamba. "Sinimuimba mlandu. Kapena anabadwira kuno, sadziwa."

Basi yanga inafika, inatsegula zitseko, inatseka, inapita. Akanandikalipira zikanapepuka. Koma iwo anali atamukhululukira kale mtsikanayo, pomuganizira kuti ndi wosadziwa.

"Amadziwa," ndinatero.

"Wati bwanji?"

"Mtsikanayo amadziwa. Ndine. Ndipo amene anauza Misozi kuti asiye kuyankhula ndinenso."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikuyang'ana nsapato zanga. Kenako anasendera pafupi, ndipo ndinaganiza kuti andimenya. Anangonunkhiza mpweya.

"Wamwa."

"Inde, amayi."

"Pita kunyumba. Mawu a munthu wokolewa sanganithandize pa Chisanu."

Anagwira mwana wawo dzanja n'kuyamba kuyenda wapansi, osadikira basi.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi akusita yunifolomu yawo. Ndinagwada pakhomo la khitchini n'kunena zonse, kuyambira buku lija mpaka botolo la madzi lomwe linali m'chikwama changa, lomwe munalibe madzi. Amayi anazimitsa ayironi. Za mowa sanafunse kaye. Anafunsa funso limodzi limene mpaka lero limandibaya.

"Ndiye madzi onse aja umatipatsa utagwada, unkatipatsa ukutiseka mumtima?"

Anaimba foni kuntchito kupempha kusinthana shifiti ya Lachisanu ndi mnzawo. Anakhuthulira saida uja musinki ine ndikuona, n'kundiuza kuti nditsuke botololo.

Lachisanu ine ndi amayi tinalowa m'kachipinda ka mphunzitsi wamkulu wa kupulayimale. Munali mphunzitsi wamkuluyo, Mayi Porter, mayi wa ku khonsolo uja, ndi amake Misozi atakhala okha mbali ina ya tebulo. Ndinanena kuti ndinanama. Ndinanena chifukwa chake, ndi za kupaki zomwe. Mawu anga ankatuluka ang'onoang'ono, ndipo anandipempha kawiri kuti ndikweze.

Mayi wa ku khonsolo sanali munthu wankhanza. Anali pantchito yake. Anandifunsa modekha.

"Tsiku lija unanena zina, lero ukunena zina. Ndidziwa bwanji tsiku limene unanena zoona? Mwina wina wakupempha kuti usinthe."

Munthu ukanama kamodzi, choonadi chako chimatsika mtengo. Kenako amayi anga anatsokomola, n'kunena m'chathu, ngati tili kunyumba, "Tiyamike, tandipatseko madzi."

Patebulo panali jagi ndi matambula. Ndinanyamuka, ndinathira, ndinazungulira tebulo. Sindinaganize n'komwe. Thupi linachita lokha. Ndinapezeka ndili pansi pakapeti, maso pansi, tambula ili m'manja awiri. Amayi analandira, n'kumwa mosafulumira, ine ndikudikira kuti ndilandire tambulayo monga mwa masiku onse.

Nditadzutsa mutu, Mayi Porter anali ataphimba pakamwa ndi dzanja.

"Wakhala akuchita zimenezi kuyambira ali ndi zaka zinayi," amayi anawauza m'Chingerezi. "Sindinamumenyepo kuti atero. Nanenso ndimatero kwa apongozi anga. Kuyang'ana wamkulu m'maso kwathu ndi mwano."

Ndisanadzuke ndinatembenukira kwa amake Misozi, ndidakali chogwada, n'kupepesa. Iwo anayang'ana kuwindo.

Musaganize kuti zinathera pomwepo ngati m'filimu. Misozi sanachotsedwe kwa amake, ndipo pa chimenecho ndimathokoza Mulungu tsiku lililonse. Koma mayi wa ku khonsolo anapitirizabe kuwayendera kwa miyezi ingapo nkhaniyo isanatsekedwe. Ntchito ija sanabwererekonso. Anakapeza ina kutali, ku Wembley, yokwera mabasi awiri m'mamawa. Zonsezo zinachokera pa mawu ochepa amene ndinanena pakhonde kuti Kelly asandiseke.

Kudzuka kwanga kunali kwapang'onopang'ono, ndipo kunalibe chozizwitsa. Sukulu yathu inandichotsa pa ntchito yothandiza ana teremu yonse, ndipo zinandiyenera. Anandipatsa mlangizi amene ndinkaonana naye sabata iliyonse za mowa. Poyamba ndinkangokhala chete ola lonse. Iye anati ngati kuyankhula kukuvuta ndizilemba n'kumuwerengera, ndipo umu ndi mmene ndinayambiranso kulemba. Ndinasintha njira yobwerera kunyumba kuti ndisamadutse kupaki. Lachitatu masana, nthawi imene ludzu lija linkandigwira kwambiri, ndinkapita kukakhala m'kantini ya kuchipatala ndikuchita homuweki mpaka amayi ataweruka. Ndinagwa kamodzi, paphwando la tsiku lobadwa la Shanice. M'mawa mwake ndinauza amayi ndekha asanandifunse. Chimenecho ndinaphunzira: kunena msanga, bodza lisanamere mizu.

Kelly ndinamuuza pamaso kuti dzina langa ndi Tiyamike, ndipo kunyumba ndimagwada. Anati, "Ndiye ine ndichite chiyani?" n'kupitiriza kusewera ndi foni yake. Sizinamukhudze n'komwe. Munthu amene ndinkamuopa mpaka kugulitsa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri anali ataiwala kalekale za tsiku lija. Pang'onopang'ono tinangosiya kuyendera limodzi. Nthawi ya nkhomaliro ndinkadya ndekha. Zinawawa, koma sindinafe. Mayeso amene ndinalephera ndinalembanso chaka chotsatira.

Loweruka lililonse amayi ankandiperekeza kwa amake Misozi. Ulendo woyamba sanatitsegulire. Wachiwiri anatsegulira amayi, ine ndinadikira pamasitepe. Wachitatu anati, "Lowa, uzazizidwa. Mbale zili mu sinki." Ndinatsuka mbale, ndinakolopa, ndinasita. Patapita nthawi anandilola kutsala ndi Misozi akakhala pa shifiti ya Loweruka. Sananenepo kuti andikhululukira, ndipo ine sindinafunse. Tsiku lina anangondiitana kuti Naphiri, ndipo ndinakalirira kubafa.

Misozi anatenga nthawi yaitali kuposa onse. Ndinkamuwerengera mabuku, iye atakhala kumapeto kwa sofa akuyang'ana khoma. Ndinkamuyankhula m'chathu, iye osayankha. Ndinaganiza zoyamba kumuyankhula m'chathu pena paliponse, m'basi, m'shopu, pageti la sukulu pamaso pa anthu, mokweza, ngakhale nkhope inkanditentha. Tsiku lina m'basi ndinawerenga molakwitsa dala dzina la siteji. Anandiyang'ana cham'mbali.

"Simudziwa kuwerenga, basisi," anatero.

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene anandiuza chichokereni tsiku la jekete lija.

Mayi Porter anandilola kubwereranso chaka chotsatira, ndipo anandipempha kuti ndikafotokozere aphunzitsi anzawo za kugwada, za manja awiri ndi za maso. Ndinachita mantha ngati mmene ndikuchitira panomu, koma ndinapita.

Inu amene mukuyamba teremu ikubwerayi, mwana amene adzakupatseni adzakukhulupirirani kuposa mmene mukuyenerera. Aphunzitsi nawonso adzakufunsani za kwathu, chifukwa kawirikawiri mudzakhala inu nokha odziwa. Yankho lanu lidzalowa m'makutu a anthu amene ali ndi mphamvu pa banja la mwanayo. Ngati simukudziwa, nenani kuti simukudziwa. Ngati mukudziwa, musakane. Ndipo ngati alipo pano amene ali ndi botolo la madzi lopanda madzi m'chikwama, ndikhala kumbuyo kuja pafupi ndi chitseko tikamaliza. Sindidziwa kuyankhula zambiri, koma kukhala chete limodzi ndi munthu ndimatha.

Misozi tsopano amawerenga kuposa anzake ambiri m'kalasi. Amayankhula, amaseka, amatsutsana nane. Koma sagwadanso. Ngakhale kunyumba, ngakhale kwa amake. Agogo ake atabwera kudzacheza kuchokera ku Chipata, anawapatsa madzi ali chiimire, ndi dzanja limodzi, akuwayang'ana m'maso. Agogowo anangoti ana a kuno ndi otero. Amake amati zilibe kanthu, bola mwana ali pakhomo. Ine ndimadziwa amene anawongola mawondo amenewo.

Lachitatu lapitali tinamaliza buku lalitali m'laibulale muja, pakona pathu pafupi ndi chotenthetsera. Analitseka, anaimirira, n'kunditambasulira ndi dzanja limodzi. Patebulo lina panali atsikana a kusukulu kwathu akutiyang'ana. Ndinatsika pampando, ndinagwada, n'kulandira bukulo ndi manja awiri.

"Basisi, imilirani," anatero. "Anthu azakusekani."

"Asiye aseke," ndinamuyankha.

Zikomo pondimvetsera.